Kulondola Dzina la Banja la Chidatchi: Kuchokera ku Blantyre Mpaka m'Makaundula a ku Netherlands

Munthu wa dzina ngati Visser, Van Wyk kapena De Jong akafuna kudziwa kumene dzinalo linachokera, kawirikawiri amathamangira kulilemba pa Google. Amapeza tanthauzo la mawuwo ndi chithunzi cha chishango chokongola, nkuganiza kuti wapeza makolo ake. Sanawapeze. De Jong ndilo dzina lofala kwambiri m'dziko lonse la Netherlands, ndipo eni ake ambiri alibe ubale wa magazi, monga momwe Phiri wa ku Ndirande sangaloze agogo amodzi ndi Phiri wa ku Dedza. Choncho chimene mukusaka si dzina ayi. Mukusaka munthu mmodzi, chaka chimodzi ndi tauni imodzi. Adatchi amasunga zolemba zawo tauni ndi tauni, ndipo mukadziwa tauni imene kholo lanu linabadwira, ntchito yotsala ndi yopepuka. Njira yofikira pa tauniyo ndi imodzi yokha: kuyamba ndi inu mwini, nkumabwerera m'mbuyo m'badwo umodzi umodzi, osalumpha.

Yambani pakhomo

Kuno kumwera mabanja ambiri amawerenga mbumba kuchikazi, ndiye mbiri imene amalume amaidziwa bwino ndi ya kwa amayi. Dzina la Chidatchi linadzera kuchimuna, choncho pitani kwa azakhali ndi agogo a kwa bambo. Musawafunse kuti "tinachokera kuti?" chifukwa yankho lidzakhala lakuti "ku Joni" kapena "ku Ulaya", basi. Funsani zing'onozing'ono. Mayina onse a munthuyo anali ndani, ndipo anzake ankamuitana bwanji? Ankagwira ntchito yanji, pa esiteti iti kapena pa mishoni iti? Ankapemphera mpingo uti? Makalata ankabwera ndi sitampu ya dziko liti? Anaikidwa kuti? Pemphani chilolezo chojambula mawu awo pa foni, chifukwa zimene zikumveka zopanda pake lero mudzazifuna pakatha miyezi itatu.

Kenako sonkhanitsani mapepala: mtchatho, khadi la ubatizo, pasipoti yakale, tsamba loyamba la Baibulo la banja, kumbuyo kwa zithunzi, ndi mawu a pa chiliza. Jambulani chilichonse, mbali zonse ziwiri, ndipo koperani kalembedwe ka dzina monga momwe kalili ngakhale kakuoneka kolakwika.

Nkhaniyi imafuna ulemu. Ana ambiri obadwa kwa azungu ndi amayi a kuno nthawi ya atsamunda anabadwa popanda ukwati wolembetsa, ndipo akuluakulu ena sakonda kuikamba pagulu. Khalani nawo pawiri. Konzekeraninso kumva kuti dzinalo linabwera popanda magazi: wantchito ankatha kutenga dzina la bwana wake, mwana woleredwa pa mishoni ankatenga la womulera, ndipo wina wopita ku Theba ankabwera ndi dzina limene anapatsidwa kumigodi. Kudziwa zimenezi msanga kumakupulumutsani ku miyezi yosaka m'makaundula a anthu ena.

Dzinalo linadzera njira iti

Mayina ambiri omveka ngati Achidatchi kuno sanachokere ku Netherlands mwachindunji. Anadzera ku South Africa, kumene kampani ya Adatchi ya VOC inakhazikitsa malo ake ku Cape mu 1652 motsogozedwa ndi Jan van Riebeeck. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anachokera ku Cape, ndipo amene anawatsatira ku Nkhoma kuyambira 1896 nawonso anali a kumeneko. Mawu akuti "Dutch" m'dzina la mpingowo asakusokonezeni. Murray ndi dzina la ku Scotland. Du Plessis, Du Toit, De Villiers, Joubert, Retief ndi Le Roux ndi mayina a Afalansa othawa nkhanza za chipembedzo amene anafika ku Cape cha mu 1688. Kruger ndi wochokera ku Germany. Mukasaka mayina amenewa ku Netherlands mungotha bandulo pachabe.

Ena anabweradi kuchokera ku Netherlands m'zaka za m'ma 1900, monga ansembe a chipani cha Montfort. Arkiepiskopi woyamba wa Blantyre mu 1959, John Baptist Theunissen, anali Mdatchi wa ku Limburg. Panalinso madokotala, aphunzitsi ndi akatswiri a zaulimi. Ngati kholo lanu lili m'gulu la obwera mwachindunji, mwayi ndi wanu, chifukwa mudumpha gawo lonse la South Africa.

Kalembedwe kamapereka chizindikiro. Adatchi a masiku ano amalemba ij pomwe Afrikaans, chiyankhulo cha ku South Africa chochokera ku Chidatchi, imalemba y: Van Wijk ndi Van Wyk, Van Dijk ndi Van Dyk. Mayina olumikizidwa kukhala liwu limodzi ngati Vandenberghe, komanso Peeters, Janssens ndi De Smet, amaloza kwambiri ku Flanders m'dziko la Belgium, komwe zolemba zake zili padera. Koma chizindikiro si umboni. Kalaliki wa pa boma ankalemba zimene wamva.

Zolemba za kuno kwathu

Lamulo la 1904 linkakakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa kwa anthu okhawo amene sanali Aafirika, ndiye mzungu amene anamwalira kapena kubereka mwana mu ukwati wolembetsa ku Nyasaland ayenera kuti analembedwa. Kafunseni ku ofesi ya boma imene ikusunga makaundula akale a Registrar General, mutanyamula dzina lonse, chaka choyerekeza ndi boma limene zinachitikira. Mukapita ndi dzina lokha, wogwira ntchito alibe poyambira. Ku Mandala House kuli laibulale ya Society of Malawi, yosunga mabuku, zithunzi ndi zolemba za nthawi ya atsamunda. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, kumene mungapemphe Gazeti ya boma ndi nyuzipepala yakale ya Nyasaland Times. M'menemo yang'anani zidziwitso za chuma cha masiye, za malo ndi za maliro. Makaundula a ubatizo ndi maukwati ali kumipingo: a mishoni za Dutch Reformed funsani ku Sinodi ya Nkhoma, a Katolika funsani ku parishi imene ubatizo unachitikira. Lembani kalata kaye kwa abusa kapena abambo mfumu, musangotulukira.

Pa zonsezi mukufuna mzere umodzi: malo obadwira, kapena dzina la bambo ndi mayi ake a munthuyo.

Ngati njira yadzera ku South Africa

Pepala lamtengo wapatali kumeneko ndi chidziwitso cha imfa, chimene mu Afrikaans amati sterfkennis. Chimakhala m'failo ya chuma cha masiye, ndipo ku Cape chinayamba kulembedwa mu 1834. Pa tsamba limodzi pamakhala malo obadwira, mayina a makolo, zaka, dzina la mkazi kapena mwamuna, ndi ana onse. Mibadwo itatu nthawi imodzi. Sakani dzina pa NAAIRS, mndandanda wa pa intaneti wa National Archives ya dzikolo, kuti mupeze nambala ya failo. Zithunzi za mafailo ambiri zili pa FamilySearch, pomwe kulembetsa ndi kwaulere. Kumbukirani kuti wodzaza pepalalo anali wachibale wolira, amene mwina sankadziwa bwino mayina a apongozi ake, ndiye tsimikizani ndi kaundula wa ubatizo. Ku Cape boma linayamba kulembetsa kubadwa ndi imfa mu 1895, ndipo m'mbuyo mwa chakacho mudalira mabuku a mpingo wa NG Kerk (Dutch Reformed uja), amene nyumba yake yosungira zolemba ili ku Stellenbosch. Zithunzi za ziliza zambiri zili pa tsamba la eGGSA.

Mudzakumana ndi zilembo ngati b3c1d5 patsogolo pa mayina. Chilembo chikuimira m'badwo, nambala ikuimira kuti ndi mwana wachingati. Kholo loyamba kufika ku Cape, lotchedwa stamvader, ndilo a. Ndiye b3c1 ndi mwana woyamba wa mwana wachitatu wa khololo.

Pano pali chinthu chimene ambiri amachilambalala. Ku Cape kunali akapolo ochokera ku India, ku zilumba za Indonesia, ku Madagascar ndi ku Mozambique, ndipo ukapolo unathetsedwa mu 1834. Mabanja ambiri a anthu amenewa ali ndi mayina Achidatchi, ena chifukwa cha magazi, ena chifukwa chopatsidwa. Mukaona "van Bengale" kapena "van de Kaap" pambuyo pa dzina loyamba m'buku lakale, si dzina la banja, akungonena kumene munthuyo anachokera. Ameneyonso ndi kholo lanu, ndipo ayenera kulembedwa bwinobwino monga ena onse.

Ngati stamvader anabwera ngati wantchito wa VOC, msakeni pa mndandanda wa VOC Opvarenden wa Nationaal Archief ku The Hague. Umatchula dzina, kwawo, udindo, sitima imene anakwera ndi mathero a ntchito yake. "Kwawo" kumeneko ndiyo tauni mwakhala mukuifuna ija. Musadabwe ikakhala ya ku Germany kapena ku Denmark, chifukwa kampaniyo inkalemba alendo ochuluka ndipo makalaliki ankasandutsa mayina awo kuti amveke Chidatchi.

Ku Netherlands: kuyambira 1811 kubwera kuno

Chaka cha 1811 ndicho malire a ntchito yonse. Dzikolo linali pansi pa Napoleon, ndipo m'chaka chimenecho boma linayamba kulemba kubadwa, ukwati ndi imfa m'kaundula wotchedwa burgerlijke stand. Pa 18 August 1811 panatulukanso lamulo lakuti aliyense wopanda dzina la banja lokhazikika asankhe limodzi. Mbali zina za kumwera, ku Limburg ndi Zeeuws-Vlaanderen, kaundulayu anayamba kale mu 1796.

Zolembazi zimatsegulidwa kwa anthu pakapita nthawi: za kubadwa pakatha zaka 100, za ukwati zaka 75, za imfa zaka 50. Ngati agogo anu anabadwa mu 1940, kalata yawo ya kubadwa simuipeza pa intaneti, koma ukwati wa makolo awo mungaupeze. Za munthu amene anamwalirira ku Netherlands kuyambira 1939 mpaka 1994, bungwe loona za mbiri ya mabanja la CBG ku The Hague limatumiza kope ya khadi lake, lotchedwa persoonskaart, mukalipira. Khadilo limatchula makolo, ukwati ndi ana.

Masamba awiri oyambira ndi WieWasWie ndi Open Archives. Polemba dzina, chotsani timawu ta patsogolo monga van, de, van der, ter ndi ten. Adatchi amaika Van den Berg pa chilembo B, osati V, ndipo pa WieWasWie timawuti tili ndi kabokosi kawokawo. Ili ndilo vuto loyamba limene limachititsa anthu kunena kuti banja lawo mulibe. Lachiwiri ndi dzina loitanira. Agogo amene aliyense ankawatcha Kees analembedwa Cornelis, Wim ndi Willem, Henk ndi Hendrik, Jaap ndi Jacob, Koos ndi Jacobus, Griet ndi Margaretha. Lachitatu ndi kusaka mayi ndi dzina la mwamuna wake. M'zolemba za boma mkazi amakhala ndi dzina la kwawo mpaka imfa. Chimenechi ndi chabwino kwambiri kwa inu: sakani mayina awiri pamodzi, la mwamuna ndi la kwawo kwa mkazi, ndipo pa Open Archives mumangoika chizindikiro cha & pakati pawo. A Jan de Vries alipo ambirimbiri, koma amene anakwatira mkazi wa dzina limene mukulidziwa kawirikawiri amakhala mmodzi.

Yambani ndi kalata ya ukwati, huwelijksakte, chifukwa ndiyo yodzaza. Imatchula zaka, malo obadwira ndi ntchito za akwati onse awiri, mayina a makolo anayi, ngati ali moyo kapena ayi, ndi mboni zimene nthawi zambiri ndi achibale. Ikati mkwati anali ndi zaka 27 mu 1868, sakani kubadwa kwake mu 1840 ndi 1841 momwe, m'tauni yatchulidwayo. Kalata ya kubadwayo ikupatsani makolo, mupeze ukwati wawo, ndipo mwabwerera m'badwo wina. Musakhutire ndi mzere wa pa mndandanda, tsegulani chithunzi cha kalata yeniyeniyo, popeza mndandanda unakoperedwa ndi anthu ongodzipereka ndipo zolakwika zilimo. Samalaninso ndi masiku: tsiku la pamwamba ndi limene bambo anapita kukalembetsa, pomwe tsiku lobadwa lili m'kati mwa mawu, ndipo manambala amalembedwa m'mawu.

Kumbuyo kwa ukwati uliwonse kuli mtolo wa mapepala otchedwa huwelijksbijlagen, amene akwati ankapereka asanakwatirane: kope ya kubadwa kapena ubatizo wawo, kope ya imfa ya makolo ngati anamwalira, ndi chikalata cha usilikali cha mwamuna chimene nthawi zina chimalongosola msinkhu, maso ndi tsitsi lake. Ambiri sawatsegula chifukwa alibe mndandanda wa mayina, umayenera kutsegula chithunzi chimodzi chimodzi. Atseguleni. Kwa ukwati wa m'zaka zoyandikira 1811, mapepalawa ndiwo mlatho wolowera m'nthawi ya mabuku a mpingo.

Simufunika kudziwa Chidatchi chonse. Geboren ndi wobadwa, gedoopt wobatizidwa, gehuwd wokwatira, overleden womwalira, zoon van mwana wamwamuna wa, dochter van mwana wamkazi wa, weduwe mayi wamasiye, getuigen mboni, oud zaka zake, wonende te wokhala ku. Zolemba za 1811 mpaka 1813 zambiri zili m'Chifalansa, ndipo Jan amasanduka Jean, Willem amakhala Guillaume, Hendrik amakhala Henri. Ndi munthu yemweyo. Kuyambira 1850 kulinso bevolkingsregister, kaundula wa nyumba ndi nyumba, amene amaonetsa tsiku limene munthu anasamuka ndi kumene analowera. Apa ndi pomwe mungapeze mawu otsimikiza kuti anapitadi ku Africa. Zidziwitso za maliro m'nyuzipepala zakale zili pa Delpher, kwaulere.

M'mbuyo mwa 1811

Apa dzina likhoza kuzimirira, ndipo ife Amalawi tili ndi mwayi womvetsa chifukwa chake kuposa ena. Tikudziwa mabanja amene mwana amatenga dzina loyamba la bambo ake kukhala dzina lake lachiwiri, mdzukulu nkutenganso lina. Adatchi ambiri, makamaka kumpoto ku Friesland, Groningen ndi Drenthe, ankachita chimodzimodzi. Pieter mwana wa Jan anali Pieter Janszoon, mwachidule Jansz kapena Jans. Mwana wa Pieter uja, Klaas, ankakhala Klaas Pieters. Mwana wamkazi ankalembedwa Jansdochter kapena Jansdr. Mayina ngati Jansen, Pietersen ndi Hendriks ndi otere amene anangouma pa m'badwo umodzi. Choncho a Jansen awiri a m'mudzi umodzi akhoza kukhala ana a ma Jan awiri osiyana.

Kumene mabuku osankhira mayina, a naamsaanneming, anapulumuka, mumapeza mutu wa banja, dzina limene wasankha, ndi ana ake pamodzi ndi zaka zawo. A ku Friesland ali pa AlleFriezen. Abale a bere limodzi ankatha kusankha mayina osiyana. Mudzawerenganso pena kuti anthu ankasankha mayina oseketsa ngati Naaktgeboren pofuna kunyoza Napoleon. Musaikhulupirire nkhani imeneyo, mayina ambiri otere analipo kale chaka cha 1811 chisanafike, monganso mayina ochuluka a kumwera ndi m'mizinda ya kumadzulo.

Kummawa, ku Twente ndi Achterhoek, dzina linali la munda. Mwamuna akakwatira nkukakhala pa munda wa kwa mkazi, ngati mkamwini wa kuno, ankatenga dzina la mundawo. Mayina othera ndi ink, monga Hesselink, ambiri ndi amenewa. Mukalondola dzina lotere mosasamala, mudzakhala mukulondola munda osati magazi.

Mabuku a mpingo amatchedwa DTB, kuimira ubatizo, ukwati ndi maliro. Muyenera kudziwa mpingo wa banjalo. A Katolika analembedwa m'Chilatini, ndiye Jan ndi Joannes, Pieter ndi Petrus. Mukaona 7ber ndi September, 8ber ndi October, 9ber ndi November, Xber ndi December, osati mwezi wachisanu ndi chiwiri kapena wachikhumi. Chokuthandizani chachikulu ndi mwambo wotcha ana: mwana wamwamuna woyamba ankatchedwa dzina la agogo ake a kwa bambo, wachiwiri la a kwa mayi, ndipo ana aakazi ankatenga mayina a agogo aakazi. Mboni za ubatizo zinali achibale, ndiye lembani mayina awo onse. Msampha wake ndi wakuti mwana akamwalira, wobadwa pambuyo ankapatsidwa dzina lomwelo. Mukapeza ma Pieter awiri kapena atatu kwa makolo amodzi, wanu kawirikawiri ndi womaliza. Mipata ina sidzatsekeka, mwachitsanzo ku Zeeland zolemba zambiri zakale zinapsa pamene Middelburg inaphulitsidwa mu May 1940.

Tsopano tanthauzo la dzina

Mukafika apa ndi pomwe tanthauzo limakhala ndi phindu. Pa tsamba la CBG Familienamen lembani dzina, muone chiwerengero cha eni ake mu 1947 ndi mu 2007, mapu a kumene anachuluka, ndi kalembedwe kena ka dzina lomwelo. Dzina losowa likaunjikana m'chigawo chimodzi, mapuwo akhoza kukulozerani koyambira ngakhale tauni musanaidziwe. Kwa dzina lofala sathandiza.

Mayina ena ndi a ntchito: Bakker wophika buledi, Visser msodzi, Smit wosula zitsulo, Mulder wa chigayo, Kuiper wopanga migolo, De Boer mlimi. Ena ndi a maonekedwe kapena msinkhu: De Groot wamkulu, De Jong wamng'ono, posiyanitsa mwana ndi bambo a dzina limodzi. De Vries ndi munthu wa ku Friesland, ndipo mayina othera ndi stra kapena ma, monga Dijkstra ndi Postma, kwawo ndi kumpoto komweko. Van amangotanthauza "wa ku": Van Dijk ndi wa ku chikhoma chotchinga madzi, Van den Berg wa ku phiri kapena chitunda. Si chizindikiro cha ufumu, ndipo chishango chimene amagulitsa pa intaneti chinali cha banja limodzi, osati cha aliyense wa dzinalo.

Kuyeza DNA kumathandiza pamene mapepala asowa, makamaka pa mwana amene bambo ake sanalembedwe. Mtundu wa Y-DNA umatsata mzere wa amuna okhaokha, ndiye woyezedwa akhale mwamuna wochokera kwa khololo kudzera mwa bambo, agogo aamuna, mpaka pamwamba. Ngati dzina linadutsa mwa mayi pa m'badwo wina uliwonse, kuyeza kumeneku kudzaloza banja lina, ndipo muyenera kusankha kuyeza kwa mbali zonse kumene kumaonetsa asuweni a mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi yapitayo. Kambiranani ndi akuluakulu a banja musanatumize malovu, popeza zotsatira zake zimakhudza abale amene sanafunse nawo.